Kuwerenga anthu athu ku Joni popanda kuwagwiritsa

Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba yosanja ya Usindiso ku Marshalltown, ndipo ena mwa omwalirawo anali Amalawi. Masiku otsatira abale ankazungulira m'zipatala ndi kumotchale ya ku Diepkloof kufunsa za anthu awo, poti kudziwa amene ankagona m'chipinda chakutichakuti kunali kovuta. Patapita miyezi yowerengeka, ena mwa opulumuka anamangidwa pa nkhani ya mapepala n'kutengeredwa ku Lindela, malo osungirako anthu obwera asanabwezedwe kwawo. Aliyense wofuna kuchita kafukufuku pamodzi ndi gulu lomenyera ufulu kuno ku Joni azikumbukira mbali zonse ziwirizi. Gulu losadziwa kuti anthu ake ndi angati limalephera kuwayankhulira, koma mndandanda wa mayina ukafika kwa munthu wolakwika, anthu omwewo ndiwo amagwidwa nawo.

Malangizowa ndi a makomiti a m'nyumba zosanja za ku Hillbrow, Berea ndi Jeppestown, a m'zisakasa za ku Diepsloot ndi Zandspruit, magulu a ogwira ntchito zam'nyumba ndi m'magadeni, magulu othandizana pa maliro, komanso ophunzira a kuyunivesite amene akufuna kugwira nawo ntchito. Njira yoti gulu lizichita lokha kafukufuku wa anthu ake si yatsopano. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Orlando Fals Borda ankaigwiritsa ntchito ndi alimi a ku Colombia m'ma 1970. Mu 1985 bungwe la SPARC linawerenga mabanja ogona m'mbali mwa misewu ya Mumbai, ndipo kalembera wotere anasanduka chida chachikulu cha Slum Dwellers International, mgwirizano wa okhala m'zisakasa umene unayamba mu 1996. Kuno akuigwiritsa ntchito a FEDUP, gulu la anthu osauka okhala m'zisakasa, ndipo kumudzi a bungwe la CCODE ndi a Federation, gulu la anthu osauka limene amagwira nalo ntchito. Mu 2013 a Social Justice Coalition anawerenga zimbudzi za ku Khayelitsha chimodzichimodzi, n'kuyerekeza zimene anapeza ndi zimene kontilakiti ya khonsolo inkalonjeza.

Funso lichokere pamsonkhano

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Funso la kafukufuku lisabwere ndi mlendo litalembedwa kale. Lichokere pamsonkhano wa gulu, ndipo likhale limodzi. Musanalivomereze liyeseni motere: yankho lake tikapita nalo kwa yani, tsiku liti, ndipo tikufuna iyeyo akachite chiyani? "Tikufuna kumvetsa moyo wa anthu obwera" si funso la gulu, chifukwa palibe ofesi imene mungakatule yankho lake. "M'nyumba muno muli mabanja angati amene adzagona pamsewu tikathamangitsidwa" ndi funso, chifukwa woweruza amalifuna.

Tsiku limene mukalipereke ndilo limalamula kukula kwa ntchito yonse. Ngati mlandu wothamangitsidwa ukulowa milungu 6 ikubwerayi, kalembera athe m'milungu 3. Ngati mukufuna mipopi ndi zimbudzi zilowe m'bajeti ya mzinda, dziwani kuti chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julaye, ndipo bajeti yongoyembekezera imaperekedwa kumapeto kwa Malichi kuti anthu aikepo ndemanga. Wofika ndi lipoti mu Ogasiti adikira chaka chinanso.

Mgwirizano ndi ophunzira ndi mabungwe

Anthu a ku mayunivesite a Wits ndi UJ ndi a m'mabungwe amabwera ndi luso, makompyuta, nthawi zina ndalama. Alandireni, koma musanayambe lembani mgwirizano wa tsamba limodzi kapena awiri. Ulembedwe m'Chingerezi, uwerengedwe pamsonkhano m'zilankhulo za mamembala, asayine wapampando, mlembi ndi mlendoyo. Mukhale izi: mayankho onse ndi a gulu ndipo kope lathunthu limatsala ndi gulu, chilichonse cholembedwa chionedwe ndi komiti chisanatuluke, gulu lili ndi mphamvu yochotsamo chimene chingaike munthu pangozi, bajeti yonse ionetsedwe poyera, ndipo pasanathe milungu 4 kalembera atatha, mlendoyo apereke masamba awiri achidule amene gulu lingagwiritse ntchito.

Mfundo yomalizayi ndi imene imakanganitsa anthu. Wophunzira ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu zolembera digiri yake, pamene gulu lili ndi milungu. Chilolezo chimene amatenga ku komiti ya kuyunivesite kwawo chimaona ngati ofunsidwa avomera ndiponso ngati sapwetekedwa, koma sichinena kuti mayankhowo ndi a gulu. Zimenezo muzilembe nokha. Inunso a komiti musamufunse wophunzirayo kuti akweze manambala. Nambala imodzi yabodza ikagwidwa kukhothi, loya wa mbali inayo amakayikitsa nayo zonse zotsala.

Osankhidwa kufunsa mafunso

Ofunsa aziyenda awiriawiri, mayi ndi bambo, mmodzi wofunsa wina wolemba. Achokere m'nyumba momwemo kapena m'dera lomwelo, koma munthu asafunse pansanjika imene amagona, chifukwa palibe wouza mnansi wa khomo loyandikana kuti ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu. Wotolera lendi, mlonda wa pageti ndi abale awo asakhale m'timu, ngakhale atadzipereka ndi mtima wonse.

Musadzaze timu ndi Amalawi okhaokha. M'nyumba zambiri za m'tauni muli a ku KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape, a ku Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania. Kalembera wa Amalawi okha amapereka nambala yoperewera, komanso amachititsa kuti nkhani ya madzi ndi chitetezo izioneka ngati ya anthu akunja, zimene zimapatsa akuluakulu mpata woyankha za mapepala m'malo mwa mipopi. Pakhale omva Chizulu, Chishona, Chiswahili ndi Chishangani. Ndipo pakati pa ife tomwe, oyankhula Chiyao ndi Chitumbuka.

Za malipiro kambiranani poyera tsiku loyamba. Gulu lolimbana ndi malipiro ochepa lisagwiritse anthu ake ganyu yaulere pamene mlendo akulandira. Tiyerekeze nyumba ya zipinda 120. Matimu 6, iliyonse zipinda 5 madzulo amodzi, amamaliza zipinda 30 patsiku: masiku 4, kuonjezapo masiku 2 obwerera kwa amene sanapezeke. Anthu 12, maola 3, masiku 6 ndi maola 216. Pa malipiro ochepetsetsa a boma amene anayamba mu Malichi 2025, R28.79 pa ola, ndalama yake ndi pafupifupi R6 200, osawerengera mabandulo, kusindikiza mapepala ndi chakudya cha tsiku la maphunziro. Malipirowa amasintha chaka ndi chaka mu Malichi, choncho onani a chaka chimene mukugwira ntchito. Ngati ndalama palibe, onse adziwe kuti palibe amene akulandira.

Mindandanda iwiri, yosakumana

Apa ndiye pofunika kudekha. Pepala la mafunso lisakhale ndi dzina, nambala ya foni, nambala ya pasipoti kapena dzina la bwana. Likhale ndi nambala yachinsinsi basi, monga 3-14-B, kutanthauza nsanjika yachitatu, chipinda 14, banja lachiwiri m'chipindamo. Buku lolumikiza manambalawa ndi mayina likhale limodzi, lolembedwa pamanja, losajambulidwa pafoni, ndipo lisungidwe kunja kwa nyumbayo ndi anthu awiri osankhidwa pamsonkhano. Likasungidwa m'nyumba momwemo lidzapsa limodzi ndi nyumba, kapena lidzatengedwa tsiku la chipikisheni. Bukuli ndilo lothandiza pa ngozi, choncho pa dzina lililonse pakhale nambala ya m'bale mmodzi woti adziwitsidwe, wa kuno kapena wa kumudzi. Wosafuna kulemba dzina lake lenileni asakakamizidwe.

Za mapepala musafunse. Musafunse ngati munthu ali ndi pemiti, ngati masiku ake anatha, kapena kuti analowera pati. Yankho limene simunalembe palibe angakulandeni. Ophunzira ambiri amalifuna funsoli chifukwa limakometsa lipoti, koma phindu lake kwa gulu ndi lochepa poyerekeza ndi ngozi yake. Ngati mlandu ukufunadi kudziwa zimenezo, afunse loya payekha muofesi mwake, poti zokambirana za loya ndi munthu wake zili ndi chitetezo cha lamulo chimene buku la komiti lilibe. Pa milandu ya nyumba ndi ya anthu obwera, mabungwe a maloya a SERI ndi Lawyers for Human Rights ali ndi maofesi ku Braamfontein.

Lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za munthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limafuna kuti munthu adziwe chifukwa chimene mukutolera za iye, ndipo musazigwiritse ntchito ina. Limakhwimitsa kwambiri pa za matenda, chipembedzo, mtundu, ndale, umembala wa bungwe la ogwira ntchito, ndi za ana. Choncho pakhomo lililonse yambani ndi mawu anayi: ndife yani, tikufunsiranji, aziona ndani, ndipo muli ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira. Kuvomera kwapakamwa kolembedwa ndi wofunsa n'kwabwino kuposa kusayinitsa, chifukwa siginecha imabwezera dzina papepala limene mwalichotsa. Musalonjeze nyumba, ntchito kapena chakudya. Mphekesera yoti akulemba anthu olandira nyumba ikangoyenda, chipinda cha anthu 4 chimasanduka cha anthu 9.

Mapu, choko, kenako mafunso

Musanafunse aliyense, yendani nyumba yonse ndi kujambula mapu a nsanjika iliyonse papepala lalikulu. Lembani nambala ndi choko pakhomo lililonse, kuphatikizapo zipinda zogawidwa ndi matabwa kapena makatani, za pansi pa masitepe, ndi za m'malo oimikamo galimoto. Zimenezi ndizo zimaiwalika, ndipo mmenemo ndi mmene mumagona osaukitsitsa. Pamapu omwewo ikani mipopi, zimbudzi, makomo otulukira ndi mageti okhomedwa. Mpopi uliwonse utsegulidwe, chimbudzi chilichonse chiyesedwe: lembani "chilipo" ndi "chikugwira ntchito" m'mizere yosiyana. Mzere wa pampopi uyesedwe ndi wotchi pakati pa 5 ndi 7 koloko mmawa, masiku atatu osiyana.

Mafunso asapitirire 20, ndipo kucheza kusapitirire mphindi 20. Funso lililonse likhale ndi ntchito imene mungaitchule. Pa nkhani yothamangitsidwa, lamulo la PIE la 1998, loletsa kuchotsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, limauza khothi kuti liganizire okalamba, ana, anthu olumala ndi mabanja otsogoleredwa ndi amayi, komanso limasiyanitsa amene akhala pamalo miyezi yosakwana 6 ndi amene apitirira. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, khothi lalikulu la Constitutional Court linalamula kuti khonsolo ya Johannesburg ipereke pokhala pongoyembekezera kwa anthu amene akanasowa pogona atathamangitsidwa ndi mwini nyumba. Mafunso anu atsate zimenezi: mumagona angati, zaka zawo, munalowa liti, banja limapeza zingati, mumalipira zingati ndipo mumalandira lisiti kapena ayi, ana amaphunzira kuti, ntchito ili kutali bwanji, mutachotsedwa mawa mukagona kuti.

Kafunsidwe kamasintha yankho. "Mumakhala angati?" amayankha potchula banja lokha. "Usiku wathawu munagona angati m'chipinda muno?" amatchulanso mlamu amene wangotsika basi ku Park Station ndi mnyamata wogona masana chifukwa amalondera usiku. "Mumapeza zingati pamwezi?" sathandiza kwa munthu wa maganyu, funsani za sabata yathayi, masiku amene anagwira ndi ndalama ya tsiku lililonse. Mafunso akamasuliridwa m'chilankhulo china, munthu wachiwiri amene sanaone oyambawo awabwezere m'chilankhulo choyamba, muone ngati tanthauzo silinasokonekere. Kenako yesani pa mabanja 10 ndi kukonza musanasindikize onse.

Pepala kapena foni? Pulogalamu yolembera mayankho ya KoboToolbox ndi yaulere kwa magulu ang'onoang'ono, imagwira pafoni ya Android popanda intaneti, ndipo imawerengera yokha. Koma zimitsani GPS, ikani loko pafoni, ndipo akaunti ikhale ya gulu, osati ya wophunzira. Kumene kutulutsa foni m'khonde lamdima n'kuitana akuba, pepala ndi pensulo n'zokwanira. Mayankho asatumizidwe pa gulu la WhatsApp. Mmenemo mumakhala anthu amene munaiwala kuti alimo.

Masiku a kalembera

Yendani madzulo kuyambira 6 koloko, ndi Lamlungu masana anthu ataweruka kutchalitchi. Mukayenda mkati mwa sabata mmawa mupeza osagwira ntchito okha, ndipo lipoti lidzanama kuti nyumba yonse ndi ya malova. Khomo lotseka libwerezedwe katatu pa nthawi zosiyana, ndipo okana ndi osapezeka alembedwe chiwerengero chawo. Kunena kuti "tinafunsa zipinda 104 mwa 120, 9 anakana, 7 sitinawapeze" kumalimbitsa lipoti kuposa kubisa.

Ngati malo ndi aakulu moti simungafike paliponse, sankhani khomo lachitatu lililonse motsata mapu, osadumpha chifukwa pakhomopo pali galu kapena munthu wovuta. Kufunsa mamembala a mpingo umodzi kapena a chipereganyu chimodzi n'kosavuta, koma zotsatira zake zimanena za mpingowo, osati za dera.

Tsiku lililonse matimu akumane mphindi 30 asanabalalike. Munthu mmodzi aone pepala lililonse: mipata yosadzaza, manambala obwerezedwa, mayankho ofanana modabwitsa. Mwa mapepala 10 aliwonse, limodzi libwerezedwe ndi timu ina. Wotopa amadzaza mapepala atakhala pamasitepe, makamaka ngati mukulipira potengera kuchuluka kwa mapepala. N'chifukwa chake tikulangiza kulipira pa ola. Ngati otolera lendi ayamba kuopseza, imani kaye. Kalembera angathe kudikira sabata.

Ngati nkhani ndi ya malipiro

Ogwira ntchito zam'nyumba ndi m'magadeni sakhala pamodzi, choncho mapu sathandiza. Chothandiza ndi kabuku ka m'thumba. Anthu 30 kapena 40 alembe kwa milungu 4: nthawi yolowa, nthawi yoweruka, ngati anapumadi pa chakudya, ndalama yolandira, yodulidwa, ndi ya thiransipoti. Wosatha kulemba atumize mawu kwa mlembi mmodzi madzulo alionse. Kenako gawani ndalama ndi maola. R200 pa maola 9 ndi R22.22 pa ola, pamene pa mlingo wa 2025 wa R28.79 tsikulo linkayenera kukhala R259. Kuyambira mu 2022 ogwira ntchito zam'nyumba ali pa mlingo umodzi wa malipiro ochepetsetsa ndi ogwira ntchito ena, ndipo chigamulo cha khothi pa mlandu wa Mahlangu cha mu Novembala 2020 chinawalowetsa m'lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Kabukuka kamathandizanso mwini wake: wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo kufika ndi maola olembedwa kumaposa kudalira kukumbukira.

Kuwerengera pamodzi

Mapepala asapite kuyunivesite n'kubwerako ali lipoti. Patulani tsiku lathunthu, matani mapepala aakulu pakhoma, ndipo ofunsa okha awerengere mafunso ofunika 5 kapena 6 ndi manja. Kompyuta itsimikize pambuyo. Membala amene anawerengera yekha amatha kuyankha khansala akamutsutsa; amene anangopatsidwa nambala amayang'ana kwa mlendo.

Samalani ndi avereji. Anthu 9 olandira R200 patsiku ndi mmodzi wolandira R1 000 amapereka avereji ya R280, yooneka ngati lamulo likutsatidwa, chonsecho 9 mwa 10 akuberedwa. Ndandalikani malipiro kuyambira ochepa kufika ochuluka n'kutenga a munthu wapakatikati, kapena nenani kuti ndi angati ali pansi pa mlingo wa boma. Pamene ofunsidwa ndi ochepa, nenani "anthu 27 mwa 38" m'malo mwa maperesenti. Ndipo musatulutse timagulu ting'onoting'ono: mukalemba kuti pansanjika yachinayi pali mayi mmodzi wa ku Mangochi wodwala, mwamutchula dzina.

Zotsatira zipite kaye kwa eni ake pamsonkhano wa onse, ziwerengedwe mokweza, anthu atsutse. Kawirikawiri apa ndi pamene pamatuluka zimene mafunso anaphonya, monga kuti chimbudzi cholembedwa kuti chikugwira ntchito chimakhomedwa 8 koloko usiku. Zimatulukanso zowawa kwa gulu lenilenilo, monga kuti ena a komiti amalipiritsa madzi. Mgwirizano umalola kuchotsa choika munthu pangozi, osati chochititsa manyazi atsogoleri. Zoterezi zikambidwe m'gulu ndi kukonzedwa.

Musanatulutse lipoti

Onanani ndi loya musanatchule adiresi ya nyumba kwa atolankhani kapena kukhonsolo. Lipoti loonetsa mawaya a magetsi olendewera ndi makomo otsekedwa lingathe kugwiritsidwa ntchito ngati chifukwa chotulutsira anthu mwachangu. Ndime 26 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kuchotsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khothi, ndipo pa mlandu wa Olivia Road mu 2008 khothi linati khonsolo iyenera kukambirana moona ndi okhalamo ngakhale nyumbayo ili yoopsa. Koma chitetezo chimenechi chimagwira msanga pamene loya akudziwa kale nkhani yanu. Zithunzi zikhale za mipopi, mawaya ndi makomo, osati nkhope.

Lipoti likhale la masamba 2 mpaka 4: manambala 5 akuluakulu, mmene munawapezera, ndi zimene mukufuna, chilichonse ndi ofesi yoyenera kuchichita ndi tsiku lake. Ngati mukufuna kuyerekeza ndi zolemba za boma, monga kontilakiti yokonza zimbudzi, pemphani kudzera m'lamulo la PAIA lopereka ufulu wopempha zolemba zoterezi. Ofesi ya boma ili ndi masiku 30 oyankha, ndipo ingathe kuonjezera ena 30, choncho pempho lipite kalembera asanayambe. Mukakapereka chikalata cha madandaulo muli anthu opitirira 15, dziwitsani khonsolo masiku 7 zisanachitike. Oyankhula ndi osayina akhale amene mapepala awo ali bwino, ndipo amene alandira chikalatacho adinde kope lanu ndi kulemba tsiku.

Ntchito ikatha, mapepala a mafunso awotchedwe kapena adulidwe pamaso pa komiti pa tsiku limene munagwirizana, mayankho a m'mafoni afufutidwe, ndipo mawu achinsinsi a akaunti asinthidwe. Chotsala ndi manambala opanda mayina, mapu, ndi buku lija la anthu awiri. M'nyumba za m'tauni anthu amalowa ndi kutuluka mwezi ndi mwezi, choncho woimira nsanjika iliyonse aziuza osunga buku za obwera ndi ochoka miyezi itatu iliyonse, ndipo dzina la wochoka lizifufutidwa nthawi yomweyo.